Chithunzi Chotuwa cha Nsalu ya Amayi

Amayi anatisiya Lachiwiri m'mawa, ndege ya sabata imeneyo itapita kale dzulo lake. Kuno pachilumba cha Mauke, pakati pa nyanja yaikulu, tilibe nyumba ya chisoni yoti n'kusungamo thupi masiku angapo, ndiye munthu akatsamira mkono lero, mawa lake timaika. Mchemwali wanga wamkulu, Upokoina, amene tonse timangomutcha Poko, anali ku Brisbane, ku Australia. Ngakhale akanamera mapiko sakanapeza maliro.

Nditamuimbira foni sanalire. Anangofunsa chinthu chimodzi.

"Tangi, nsalu ya tivaevae ija aitulutsa?"

"Ayi, ikadali m'sutikesi. Makiyi ali ndi Mama Akaiti, akuti atsegula mawa powafunditsa."

"Tamvera tsono. Si uja umayenda ndi kamera m'khosi ngati belu la mbuzi? Mawa igwire ntchito. Asanawafunditse aitambasule yonse, uijambule. Makamaka pakati. Wamva, Tangi? Pakati."

"Ndamva, achemwali."

"Usandiyankhe ngati mwana wa sukulu. Palibe china chimene ndikukupempha pa dziko lino."

Ndinkadziwa chifukwa chake, ndipo mudzi wonse unkadziwa theka lake. Amayi athu, Mama Vainetutai, ndiwo ankaitanira mitundu pagulu la amayi osoka la m'mudzi mwathu. Tivaevae ya mtundu umene ankaudziwa iwo ndi ya tizidutswa ta nsalu tating'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, zikwizikwi, tolumikizidwa ndi singano mpaka kukwana kufunda bedi lalikulu. Iwo ankakhala pampando, anzawo pamphasa, n'kumaitana kuti tiwiri tofiira, kamodzi koyera, titatu tobiriwira. Enawo ankangotunga tizidutswato pa ulusi monga amvera, osadziwa chomwe chituluke mpaka atalumikiza. Amayi sankalemba paliponse, zonse zinali m'mutu. Analinso munthu wa liuma: akanena, anena.

Poko atakwana zaka makumi awiri anamupezera mwamuna, mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo amayi anamusokera tivaevae ya ukwati. Pakati pake anaikapo duwa lalikulu lofiira pa bwalo lobiriwira, duwa limene sanaikepo pa nsalu ya munthu wina aliyense. Kutatsala mwezi kuti ukwati uchitike, Poko anakwera sitima ya katundu ndi mnyamata wina wogwira ntchito m'sitimamo, ulendo wa ku Australia. Amayi sanakuwe. Anatenga nsaluyo, ntchito ya chaka chathunthu, n'kuiponya m'dzenje la umu mmene tinkawotchera nkhumba. Ine ndinali mwana, chimene ndimakumbukira ndi fungo lokha.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zinatha awiriwa osalankhulana. Kutatsala pafupifupi chaka kuti amayi atisiye, atayamba kufooka, Poko anaimba foni napepesa, akulira. Ine ndinali pomwepo ndikugwirizira foni ku khutu la amayi, choncho yankho lawo ndinalimva ndekha.

"Yankho lako ndikusoka," anatero. "Udzaliona tsiku londifunditsa. Ukafuna kulidziwa, udzabwere."

Anaisoka okha m'chipinda, chitseko chili chotseka, ndipo akamaliza tsiku ankaitsekera m'sutikesi. Poko anamvetsa msanga: duwa lake lija likadzapezeka pakati, ndiye kuti anakhululukidwa. Kukadzapezeka nyenyezi imene amayi ankaika pa nsalu za aliyense, ndiye kuti ayi. Iye anakonza zodzabwera pa Khirisimasi kudzawachonderera asanafe. Chakudza sichiimba ng'oma, amayi anapita mu Okutobala.

Tsopano ndinene za ine, mwini tsoka. Ndinakhala zaka khumi ndi ziwiri ku Melbourne ndikudula nyama m'fakitale. Kumeneko ndinalowa kagulu ka anthu ojambula zithunzi zakuda ndi zoyera, kamene kankakumana Loweruka m'chipinda cha kumbuyo kwa laibulale. Ankatitsogolera ndi mkulu wina wachigiriki, a Stavros. "Mitundu ndi phokoso," ankatero. "Chotsa phokoso uone chinthucho." Ine ndinameza mawuwa osatafuna. Nditabwerera kudzasamala amayi, ndinabwera ndi kamera yanga ya digito pamodzi ndi matama ake onse. Anthu ankandiseka kuti kamera ya Tangi yadwala, anzake akupita patsogolo iye akubwerera m'nthawi ya amishonale. Amayi anayang'anapo chithunzi changa chimodzi, cha mitengo ya kokonati, n'kundibwezera. "Mulungu anavutika kupaka dziko utoto, iwe ukulichapa," anatero.

Kamerayo ndinaitchera kuti ndikaika diso pa kabowo koyang'anira, ndizionamo dziko lotuwa kale, kuti ndiziweruza kuwala ndi mthunzi popanda chondisokoneza. Ambiri a ife timatero. Koma a Stavros anatipatsa lamulo limodzi: kamera izisunga chithunzi chilichonse pawiri. China ndi chotuwacho, chaching'ono. China ndi fayilo yaikulu yosakonza, imene imabisa mitundu yonse m'kati, ukaifuna pa kompyuta uipeza. Anatichenjezanso kangapo kuti chofiira ndi chobiriwira n'zosiyana kwa diso lokha, kamera ikazichotsa mtundu zimatha kutuluka zotuwa chimodzimodzi ngati mapasa. Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo ndinkaphunzitsa nazo ena. Musandimvere chisoni ngati mbuli.

Lachitatu kunacha ndi mitambo yakuda kunyanja. Manda tinakumba pabwalo, pambali pa a bambo, monga timachitira kuno, ndipo amuna anali atasakaniza kale simenti chifukwa choopa mvula. Abusa ankangoyang'ana kumwamba ndi pa wotchi. M'nyumba munadzaza amayi oimba, thupi lili pamphasa. Mama Akaiti, mnzawo wa amayi kuyambira ali atsikana, anatulutsa nsaluyo m'sutikesi ili yopinda, mbali yoyera ya kumbuyo ili kunja.

"Mama, ndikupempha tiitulutse pakhonde kaye," ndinatero. "Achemwali andituma ndiijambule."

"Iwe ndi kamera yakoyo, mpaka pa maliro a mayi ako?" anatero Mama Ngaoa, amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi.

"Musiyeni, ndi za Poko," anatero Mama Akaiti. "Koma fulumira mwanawe, simenti siidikira."

Ndinakwera pampando, n'kuika diso pa kabowo kaja iwo asanaitambasule, kuti ndisataye nthawi. Amayi anayi anagwira m'makona naitsegula. Chimene ndinaona m'kameramo sindidzachiiwala. Kuwala kwa mitambo kunabwera cham'mbali, kofewa, n'kugwira msoko uliwonse, moti kachidutswa kalikonse kanali ndi kamthunzi kake. M'mphepete munali mizere yokhotakhota, yoyera ndi yakuda, yooneka bwino kwambiri. Manja a Mama Akaiti, okwinyika, anali pakona. Mtima wanga unadumpha, ndipo ndikuvomera poyera kuti unadumpha ndi chimwemwe, pa maliro a mayi anga. Ndinaona kuti pakati pangotuwa mbuu, bwalo lalikulu lopanda kanthu, koma sindinadandaule. Ndinati mitundu ili m'fayilo yaikulu, ndikaiona bwino pa kompyuta.

"Kwezani kuno pang'ono! Mama Ngaoa, mukutchinga kuwala!"

"Ndikutchinga kuwala ine? Tamuonani, wasanduka bwana."

Ndinajambula kasanu ndi kawiri. Madontho oyamba atagwa pa malata, abusa anakhosomola, amayi aja n'kupinda nsaluyo ine ndikadali pampando kuyang'ana zomwe ndajambula. Mmene ndinkatsika, anali atakulunga nayo kale thupi, mbali yoyera ili kunja. Tinaika bokosi m'manda, amuna n'kuthira simenti mvula ikuwanyowetsa.

Mawa lake m'mawa, alendo atachepa, ndinalowetsa kakhadi ka kamera m'kompyuta. Ndinapeza zithunzi zisanu ndi ziwiri, zotuwa, zokongola. Ndinafunafuna mafayilo aakulu aja. Panalibe. Ndinatulutsa kakhadiko, ndinakapukuta, ndinakalowetsanso, ngati kuti kupukuta kumabereka mafayilo. Kenako ndinakumbukira. Masabata atatu m'mbuyomo ndinkajambula mafunde akumenya matanthwe, kakhadi n'kuyamba kudzaza, ndipo pachilumba pano sagulitsa tina. Ndinazimitsa fayilo yaikuluyo kuti malo andikwanire, ndikuti ndiyatsanso ndikafika kunyumba. Ndinasinthanitsa yankho la amayi ndi mafunde, amene akumenyabe matanthwe omwewo mpaka lero kwaulere.

Ndinayesa zonse zimene ndimadziwa. Ndinakulitsa chithunzicho mpaka kachidutswa kamodzi kudzaza kompyuta yonse. Ndinakoka zakuda kuti zide bii, zoyera ziyere mbee, poganiza kuti mwina kusiyana pang'ono kulipo. Zinkangotuluka ndi misoko, mizere yopingasana ngati ukonde. Ndinapeza thumba la zotsalira za nsalu pansi pa bedi la amayi, ndinaziyala pakhonde pomwe paja n'kuzijambula ndi kamera yomweyo. Chikasu chinatuluka choyera, buluu anatuluka wakuda. Chofiira psuu ndi chobiriwira biriwiri, zimene zinatsala zambiri m'thumbamo, zinatuluka chinthu chimodzi, osati zofanana chabe koma chimodzi. Ndiye pakati paja panali chofiira pa chobiriwira ndithu. Koma nyenyezi ya amayi nayonso nthawi zambiri inkakhala yofiira pa chobiriwira.

Poko anaimba Lachinayi, anaimba Lachisanu. Ndinamuuza kuti netiweki ikuvuta, zithunzi sizikupita. Kuno bodza limenelo siliphonya chifukwa theka la masiku limakhala loona. Loweruka ndinakwera njinga yamoto kupita kwa amayi aja anagwira m'makona. Awiri anali ochokera kumudzi wina ndipo anandiuza mosabisa kuti misozi inawatseka maso. Mama Akaiti ndi Mama Ngaoa ndinawapeza limodzi pansi pa mtengo wa mango akusenda taro, koko wa kuno.

"Ndimati ndifunse, Mama. Pakati pa nsalu ija munaonapo chiyani?"

"Aa! Wojambula akufunsa ife?" anatero Mama Ngaoa. "Si iwe unkatilamula ngati asilikali?"

"Kamera sinatulutse bwino pakatipo."

"Inali nyenyezi. Vainetutai ndi nyenyezi zake, moyo wake wonse."

"Wabodza iwe," anatero Mama Akaiti. "Unaona liti? Si unali kukangana ndi mwanayu za kuwala?"

"Ndinaona nsonga zosongoka."

"Duwa lija linalinso ndi nsonga. Waiwala? Tinalitunga ndife."

Ndinasendera pafupi. "Ndiye inu Mama Akaiti munaona duwa?"

Anaika mpeni pansi n'kunditembenukira, ndipo ndinaona ng'ala zoyera m'maso mwawo monse muwiri, zimene ndinkazidziwa kale koma ndinasankha kuziiwala.

"Mwanawe, ine nkhope yakoyi ndikuiona ngati utsi. Ndinaona kufiira, basi. Ndikufuna likhale duwa, chifukwa Poko ndinamubereka kumbuyo ine. Koma kufuna si kuona."

"Sanakuuzeni kalikonse?"

"Mayi ako? Kodi unamuonapo akuuza munthu kanthu?"

Mama Ngaoa anatafuna mawu kwa kanthawi, kenako anati mwina silinali nyenyezi, mwina linali duwa, kaya, zinali zofiira. Ndinabwerera kunyumba ndilibe chilichonse.

Ndinazengereza sabata ina yathunthu. Maganizo oipa anandibwerera kangapo. Pa kompyuta n'zotheka kupaka chithunzi mitundu, ndipo ndikanatha kujambulapo duwa langalanga n'kumutumizira. Koma duwa lenilenilo sindinkalidziwa maonekedwe ake, pamene Poko analiyang'ana likusokedwa chaka chathunthu. Akanandigwira ndisanatseke pakamwa. Tsiku lina masana ndinangotumiza zithunzi zisanu ndi ziwiri zija monga zinalili, n'kukhala pakhonde kudikira foni. Sinachedwe.

"Tangi, watumiza zolakwika. Izi ndi zako zamasewera zija. Tumiza za mitundu."

"Ndi zomwezo, achemwali. Palibe zina."

Ndinamufotokozera za fayilo yaikulu, za kakhadi, za mafunde. Ndinkamva mawu anga akuchuluka ngati a munthu wogulitsa nsomba yoola. Iye sanandidule mawu. Nditamaliza anapuma mwamphamvu.

"Chabwino. Makina alephera, zimachitika. Nanga maso ako? Iwe unali pomwepo, pamwamba pa mpando, ukuona bwino kuposa aliyense. Tandiuza zomwe unaona."

Ndinayang'ana mpando uja ndinakwerapo.

"Tangi?"

"Diso linali pa kamera, achemwali."

"Nthawi yonse?"

"Nthawi yonse."

"Osachotsa ngakhale kamodzi? Nsalu yomaliza ya mayi ako, itatambasulidwa pamaso pako?"

"Ndimati ndikaiona bwino pambuyo pake."

Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndinkafuna anditukwane. Poko pakamwa anatengera amayi, akanandisenda ndikanapepukidwa. Koma anangofunsa motsitsa kuti manda tinathira simenti yochuluka bwanji. Ndinati monga mwa nthawi zonse. Anati zikomo, n'kudula.

Chaka chimenecho chinali chachitali. Manda ali pabwalo, masitepe khumi kuchoka pa zenera la chipinda changa, ndiye m'mawa uliwonse chinthu choyamba kuchiona chinali simenti imeneyo. Yankho linali pansi pomwepo, pafupi kuposa sitolo, ndipo palibe munthu wamisala yokwanira kukafukula mayi ake. Ndinkaimbira Poko mwezi ndi mwezi. Ankayankha mwaulemu, ulemu wopatsa mlendo, za nyengo ndi za ntchito yake yosamala okalamba. Kamodzi kokha anandipempha kanthu: kuti ndimutumizire chithunzi chimodzi chachikulu kwambiri chimene ndingathe, chooneka kachidutswa kalikonse. Ndinatumiza tsiku lomwelo, ndikuganiza kuti akufuna kuchipachika pakhoma. Ndinatumizanso chomwecho kwa a Stavros, sindikudziwa kuti ndinkafunanji. Anandiyankha kuti pa zonse zimene ndinajambulapo, ichi ndiye chithunzi, ndipo akufuna kuchionetsa kwa anzathu. Anali kunena zoona, n'chimene chinandipweteka. Sindinawayankhe.

Chaka chitatha tinakonza zovundukula chiliza. Abale anabwera kuchokera ku Rarotonga, ku Auckland, ku Sydney, tinapha nkhumba zinayi. Poko anatsika ndege Lolemba, wamng'ono kuposa mmene ndinkamukumbukirira, imvi zili mbuu, atanyamula chikwama chimodzi chimene anakana kuti ndimulandire. Anandikumbatira mwachidule. Atafika pabwalo anaima pa manda nthawi yaitali, osalira, akungoyang'ana simenti.

Pa mwambowu chiliza chimafunditsidwa nsalu zambiri, ina pamwamba pa inzake, banja lililonse yake, ndipo abusa akamaitana mayina anthu amachotsa imodziimodzi. Yapansi penipeni, yokhudza mwala, imakhala ya mwana wamkulu. Poko anaika yake m'mamawa yekha, n'kuiphimba ndi zinazo tisanadzuke. Dzuwa litakwera tinasonkhana, amayi atavala zoyera ndi zipewa zawo, ndipo nsalu zinayamba kuchoka: yachikasu, yapinki, yabuluu ya maluwa oyera, anthu akuyamikira iliyonse ndi kung'ung'udza kuti wasoka ndani. Itachoka yachisanu ndi chitatu, kung'ung'udza kunatha.

Inali tivaevae ya tizidutswa, yaikulu ngati ya amayi ija, yosokedwa mwaluso loti Mama Ngaoa anatsegula pakamwa osatulutsa mawu. M'mphepete munali mizere yokhotakhota ija, yoyera ndi yakuda, yosaphonya ngakhale kamodzi. Koma munalibe mtundu. Yonse inali yoyera, yakuda ndi yotuwa, ndipo pakati panali bwalo lalikulu lotuwa mbuu, tizidutswa mazanamazana tofanana, tolumikizidwa mosamala kupanga chinthu chopanda kanthu. Pachilumba pano palibe anaonapo tivaevae yotero. Inkaoneka ngati yagona m'phulusa.

"Bwanji mwakhala chete?" anafunsa Mama Akaiti, akukoka dzanja la mnzawo. "Ndi yokongola? Tandiuzani, ndi ya mtundu wanji?"

Abusa anaitana dzina la Upokoina, iye n'kupita kukaichotsa yekha, dzina la amayi n'kuonekera pamwala. Anthu anayamba nyimbo, koma inayamba mozizira.

Anthu atapita kukadya, ndinamupeza atakhala m'mphepete mwa manda, nsaluyo ili pamiyendo. Zala zake zinali ndi zipsera za singano. Ndinakhala pambali pake. Ndinaona kuti choonadi chatikwana, chatipha mokwanira, ndipo ndinachita chimene ndinachikana chaka chonse.

"Achemwali, pali chimene ndakumbukira. Pamene ankaipinda ndinachotsa diso pang'ono. Linalipo. Duwa lija linalipo."

Sanatembenuke. Anasalaza nsaluyo ndi chikhatho.

"Eti? Pamtima pa duwalo panali chiyani?"

Ndinaganiza za maluwa onse amene ndimawadziwa. "Chikasu," ndinatero.

"Chikasu chimatuluka choyera m'zithunzi zako, Tangi. Unandiuza wekha pa foni. Ine chithunzi chimenechi ndakhala nacho miyezi khumi ndi umodzi, ndawerenga kachidutswa kalikonse ndi galasi lokulitsira. Pakati palibe koyera ngakhale kamodzi."

"Mwina ndasokoneza, mwina chinali..."

"Usavutike, mlongo wanga. Ukanandinamiza tsiku loyamba lija mwina ndikanakhulupirira, chifukwa ndinkafuna. Pano ndikuchidziwa chithunzi chako kuposa iwe." Anaika chala pakati pa nsaluyo. "Ndimati ndikamasoka, manja andiuza. Ndimati pofika pakati ndimva kuti apa amayi anatenga kofiira, apa kobiriwira. Ndasoka mzere ndi mzere ndikumvetsera. Sanandiuze kanthu."

Pamwambo wotere nsalu zimagawidwa kwa abale. Poko anapinda yake, mbali ya kumbuyo ili kunja monga anachitira amayi aja, n'kuiika pamiyendo panga.

"Iyi ndi yako. Amayi ankaitana mitundu ena n'kumasoka. Iyi waitana ndiwe."

Anakwera ndege ya Lolemba lotsatira. Pabwalo la ndege ndinamufunsa ngati adzabwerenso pa Khirisimasi, iye anati aona. Papita Khirisimasi ziwiri.

Kamera ndikadali nayo, ndipo fayilo yaikulu ija ndinaiyatsa, ili chiyatsire, ikusunga mitundu ya zinthu zimene palibe akuzifuna. Nsaluyo ili m'sutikesi ya amayi. Masiku ena kukakhala mitambo ndimaitulutsa, ndimaiyala pakhonde pomwe paja, n'kukwera pampando womwe uja wopanda kanthu m'manja. Ndimayang'ana pakati ndi maso onse awiri, nthawi yaitali, monga ndikanachitira tsiku lija. Pamakhala potuwa.